Boneti ya njinga ya pa chipale

Gulu: kwathu ku Michesi
Bambo, Nickson, Aliness

14 Nov

16:22 Bambo: chithunzi ndachiona. imeneyo si njinga. njinga yopanda matayala sindinaionepo

16:24 Nickson: kkk imatchedwa snowmobile bambo. kutsogolo kuli timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo lamba ngati wa katapila. kuno ku Canada chipale chikagwa kumapiri msewu kulibe, timayendera zimenezi. iyi ndi yanga, ndagula yakale kwa mnzanga wa kuntchito

16:26 Bambo: nde miyezi yonseyi uli zii, lero wakumbuka kuti uli ndi bambo chifukwa cha chinjinga

16:27 Aliness: bambo mwayambatu. achimwene akungofunsa nzeru

16:31 Nickson: boneti yake inasweka, ndinagunda mtengo. ndi ya pulasitiki, yolemera. anzanga kuno akuika za neti. amapanga felemu ya mapaipi a aluminiyamu, pamwamba nkukokapo neti. imapepuka, injini imapumanso bwino. ndimafuna ndipange ndekha bt paipi ndikamapinda ikuphwanyika pa kona. inu mumatani muja?

16:44 Bambo: 🎤 0:38
Choyamba undiuze dzina la galu amene anakuluma uli Sitandade 3. Masiku ano anthu akumatenga chithunzi cha mwana wa munthu n'kuchiika pa foni yawo, mawa uzingomva kuti bambo ndili pa mavuto. A Fletcher kuseri kuno anawapusitsa choncho. Ine si a Fletcher.

16:45 Nickson: sanali galu bambo, inali nkhumba ya amalume. chipsera chikadalipo pa katumba

16:46 Bambo: chabwino ndiwe

16:46 Aliness: kkkkk

16:58 Bambo: 🎤 1:04
Paipi umaidzaza mchenga wouma, wosefa bwino, n'kutseka uku ndi uku ndi kamtengo. Ukatero uzipinda pang'onopang'ono pa chitsa. Koma iwe uononga. Manja ako ndimawadziwa, unkandipindira misomali yonse pa shedi pano. Ine ndakhoma zidebe, mbaula, masefa, makola a nkhunda, kuyambira usanabadwe. Boneti n'chiyani? Ndipanga ine konkuno.

17:01 Nickson: mupanga bwnj chinthu simunachigwirepo? nanga chifika bwnj kuno

17:09 Nickson: koma dikirani. a Patricia a kutchalitchi kwathu kuno akubwera kwawo ku Mulanje pa Khrisimasi, abwerera pa 9 Jan. mutapanga yomasula, zidutswa zolowa mu chikwama, atha kunditengera. chipale chimakhala mpaka April

17:12 Bambo: a Patricia ake ati. mwana wa ndani

17:13 Nickson: ndi anthu abwino bambo

17:14 Bambo: onse amakhala abwino katundu asanalowe mmanja

17:20 Bambo: manambala a pa tepi yako usanditumizire, sindiwakhulupirira. uzijambula mbali iliyonse utaikapo dzanja lako. dzanja lako ndi langa nchimodzimodzi, ndiziyezera pamenepo

17:21 Nickson: ok bwana mkubwa

17 Nov

16:35 Nickson: 📷 chithunzi
mbali ya kumanja

16:37 Bambo: wavala magolovesi. vula

16:38 Nickson: bambo kuli -18 kunja kuno

16:38 Bambo: vula. magolovesi amanamiza muyeso

16:43 Nickson: 📷 chithunzi

16:47 Bambo: chala chapakaticho chatani

16:48 Nickson: ndinadzicheka kuntchito, zazing'ono

16:48 Bambo: sunanene

16:52 Bambo: nanga nsapato zofiira zili pakhomozo. si zako zimenezo

16:55 Nickson: kkk maso anuwo. ndi za Natasha

16:55 Aliness: Natasha?? achimwene tiuzeni bwino

16:57 Nickson: tsiku lina sis. bambo muyeso mwauona?

16:59 Bambo: ndauona. mawa kumanzere

21 Nov

12:10 Aliness: bambo mapaipi ndapeza kuno ku Boma, a ma eriyo akale a TV. neti ilipo yakuda ya ku nazale ya mitengo ija komanso ya pawindo. nditenge iti?

12:31 Bambo: ya ku nazale. ya pawindo imafumbwa ndi dzuwa. uwapatse a kabaza odziwika, osati aliyense

16:15 Bambo: nickson. mkati mwa neti ndiikamo lata lopyapyala ndi chidutswa cha bulangete. injini ingafe ndi kuzizira

16:29 Nickson: ayi ayi bambo pls. vuto lake ndi kutentha. ikamakwera phiri injini imapsa kwambiri, nde neti ndi yoti kutentha kuzituluka, chipale chokha chisalowe. mukaika lata mwaononga zonse

16:33 Bambo: kuzizira konseko inu mukufunanso mphepo

16:33 Nickson: eya kkk

16:36 Bambo: dziko la anthu osokonezeka. chabwino lata ndachotsa

16:40 Bambo: iweyo bulangete uli nalo

16:41 Nickson: mnyumba mumatentha bambo, muli heater

16:42 Bambo: sindinafunse za hita

26 Nov

05:52 Bambo: 🎤 1:19
Amalume anu a Augustine anabweranso dzulo. Akuti chiliza cha mayi anu tinamanga, mwambo unatha, ndiye mkamwini alibenso chodikira pamudzi pa eni. Ine ndinabwera mudzi uno ndevu zisanamere bwino. Njerwa za nyumba iyi ndinaumba ndekha, madzi ndikutunga kumtsinje ndi mayi anu. Lero ndine mlendo. Akuti ndibwerere kwathu ku Nkhulambe. Kwatsala ndani ku Nkhulambe? Manda okhaokha.

07:30 Aliness: asiyeni amalume bambo. munda ndi nyumba ndi za ine mwana wamkazi, ndipo ine ndati mukhala. ndidzabwera tidzakambirane

17:48 Bambo: nickson wamva

27 Nov

16:20 Bambo: mvula yayamba kuno. denga la kuchipinda kwako likudontha

18:05 Bambo: bondo lija layambanso

29 Nov

16:12 Bambo: bawuti ya kumanzere yogwira boneti ili pamwamba kapena pambali

16:15 Nickson: pambali bambo. dikirani ndijambule

16:19 Nickson: 📷 chithunzi

16:20 Nickson: sorry masiku awa busy heavy. za amalume sis athana nazo eti

16:31 Bambo: ndaona

16:32 Bambo: bawutiyo ndaiona

3 Dec

16:18 Bambo: pamene pamakhala nyali jambula

16:26 Nickson: 📷 chithunzi

16:28 Bambo: bwanji kuli mdima. si mmawa kumeneko

16:30 Nickson: ndi mmawa, dzuwa limachedwa. limatuluka tili kale kuntchito, pobwera lalowa. miyezi ino timangokhala ngati akadzidzi

16:34 Bambo: nde umadya chiyani mumdimamo

16:37 Nickson: mpunga, mazira, zamchitini. ufa umapezeka ku town yaikulu koma ndi kutali. nandolo ndinaona mu shop ya amwenye, ndinaima kumangomuyang'ana kkk

16:41 Bambo: wa amwenye si nandolo. wathu wa chaka chatha alipo mthumba, anankafumbwe sanamukhudze

16:43 Nickson: muikemo pang'ono mu katundu wa a Patricia, ngati amalola pa airport

16:44 Bambo: akadya mnjira amenewo

9 Dec

16:09 Bambo: kona ya kutsogolo jambulanso. dzanja unalipendeketsa

16:40 Nickson: 📷 chithunzi

12 Dec

16:11 Bambo: kumanja jambulanso

16:50 Nickson: kumanja ndinatumiza kale kawiri bambo

16:52 Bambo: foni inafufuta

16:53 Aliness: foni simafufuta yokha bambo, kwezani mmwamba muziona

16:54 Bambo: iwe khala chete. unakhomapo chidebe iwe

17:06 Nickson: 📷 chithunzi

17:10 Bambo: chala chapola

17:11 Nickson: chapola

18 Dec

16:14 Bambo: kuchokera pa nyali kufika pa chiwongolero ndi manja angati

16:47 Nickson: atatu ndi zala ziwiri. munafunsa sabata yatha. zikuyenda koma? mundijambulireko ndione

16:55 Bambo: ntchito yosatha sajambula

16:56 Nickson: anzanga kuno sakukhulupirira. ndawauza kuti boneti yanga ikupangidwa ku Africa pansi pa phiri, ndi bambo anga, opanda magetsi. bwana wanga akuti akufuna adzaione

17:08 Bambo: akufuna adzabere nzeru ameneyo. usamuonetse mkati

25 Dec

06:10 Bambo: khrisimasi yabwino nonse

08:02 Aliness: inunso bambo. tili kwa apongozi, ndibwera chaka chikalowa. nkhuku ija muphe, musaisunge

16:30 Bambo: nickson

17:45 Bambo: nkhuku sindinaphe. munthu mmodzi nkhuku yathunthu

26 Dec

16:05 Bambo: neti ikhale yokoka kwambiri kapena yofewa pang'ono

16:12 Nickson: yokoka ngati ng'oma. merry xmas bambo, dzulo tinali kwa makolo a Natasha, network kunalibe

16:20 Bambo: ali ndi makolo

16:21 Nickson: kkk eya ali nawo

16:22 Bambo: ndi bwino

3 Jan

16:33 Nickson: bambo a Patricia anyamuka ku Mulanje pa 8 mmawa kupita ku Blantyre. sis akuyenera kuwapatsa katundu pa 7. tili pati?

17:15 Bambo: sinathe

17:16 Nickson: chatsala ndi chani?

17:29 Bambo: zambiri. mvula ikundisokoneza. ma riveti a ku Boma ndi abodza

17:30 Nickson: bambo pls. akapita amenewa palibenso wina mpaka chipale chitha

17:44 Bambo: ntchito yothamangira ndi imene inakugundisa mtengo

6 Jan

10:48 Aliness: 📷 chithunzi

10:48 Aliness: achimwene taonani!! ndafika kumudzi, bambo ali kudimba, ndalowa mu shedi kufuna khasu ndapeza ichi chapachikidwa kudenga, chokutidwa ndi chitenje cha amayi. yathatu. ndi yokongola ngati ya mu shop. ndainyamula ndi chala chimodzi

10:49 Aliness: 📷 chithunzi

10:49 Aliness: mpaka ka rabara mmbali monse. mabawuti ali mu kathumba, zidutswa anazilemba manambala ndi penti

11:37 Bambo: fufuta zimenezo

11:38 Bambo: ndani anakuuza kuti ulowe mu shedi

16:02 Nickson: 🎤 0:29
Bambo! Eeh. Ndaiona ndili pabedi, ndadzuka n'kukhala tsonga. Ndi yomweyo ndendende, mpaka pa nyali pomwe. Ndamuonetsa Natasha sakukhulupirira. Sis, masulani mabawuti muike m'chikwama, mawa m'mawa mukwere minibasi ya ku Mulanje. Bambo, zikomo. Zoona, zikomo.

16:19 Bambo: sinathe

16:20 Nickson: yatha bambo ndaiona

16:24 Bambo: kona ya kumanzere yapotoka. pa chithunzi sizioneka. ndikufuna muyeso wina

16:25 Nickson: ndidzawongola konkuno, ndi zazing'ono

16:26 Bambo: chinthu chopotoka sichituluka pa shedi panga

16:27 Nickson: 📞 foni yosayankhidwa

16:29 Nickson: 📞 foni yosayankhidwa

17:40 Aliness: achimwene

17:41 Aliness: aboola ma riveti onse. neti aichotsa, ili pansi. ndawaletsa andikalipira

17:41 Nickson: what

17:43 Aliness: akuti ayambiranso mbali imodzi. sizitheka pofika mawa

7 Jan

05:34 Nickson: sis ndiuzeni zoona. inatha liti boneti ija

05:50 Aliness: sindikudziwa achimwene

05:51 Nickson: sis

05:58 Aliness: akangaude anali atamangamo kale. pa chitenje panali fumbi

06:07 Nickson: 🎤 1:26
Bambo, ndikudziwa mukumva. Ine ndakhala ndikutuluka panja m'mawa uliwonse, kuzizira kothyola zala, kuvula magolovesi, kujambula chinthu chimene munamaliza kalekale. Mumandiseka kapena? Ndinauza anthu. Ndinauza bwana wanga, ndinauza makolo a Natasha pa Khrisimasi, kuti bambo anga ndi mmisiri. A Patricia anasiya malo m'chikwama, anakana katundu wa abale awo chifukwa cha ine. Ndiwauza chiyani? Ngati simunkafuna kundipatsa mukanangonena. Kuyambira kale ndinu choncho, chilichonse chikhale m'manja mwanu, wina asasangalale. Basi, ndigula ya mu shopu. Zikomo chifukwa cha mchenga.

06:30 Bambo: gula. za mu shopu zimathera mwezi umodzi

06:31 Bambo: mabawuti ndinagula ndi ine. mapaipi ndinapinda ndi ine. ndikapereka kapena osapereka ndi zanga

06:44 Bambo: uthengawu wafufutidwa

9 Jan

16:10 Bambo: kona ija ndawongola

16:45 Bambo: ndege yadutsa pamwamba pa Michesi masana. kaya ndi ya a Patricia

15 Jan

16:08 Bambo: pa nyali pakufunika muyeso umodzi wokha

22 Jan

16:15 Bambo: nickson

16:50 Bambo: chimanga chamasula kuno

30 Jan

18:20 Nickson: 📷 chithunzi

18:20 Nickson: sis iyi ndi imene ndagula. yafika dzulo, ndamanga kale

18:26 Aliness: yabwino achimwene. muziyenda bwino, mitengo muziiona kkk

18:41 Bambo: neti yake ndi yopyapyala

18:43 Bambo: pansi pa mabawuti uikepo ka rabara. ikamanjenjemera idzang'ambikira pamenepo

19:02 Bambo: wamva

Aliness ndi Bambo, paokha

8 Feb

13:05 Aliness: bambo mwadya?

13:40 Bambo: ndadya

13:41 Aliness: a kabaza aja akuti tsiku lililonse akamadutsa madzulo amakuonani mutakhala pa chulu cha kumunda. ngakhale mvula

13:52 Bambo: ndi pamene pamagwira netiweki. ukufuna ndizikhala pati

13:53 Aliness: mukudikira ndani

14:10 Bambo: ndimaona mbuzi za amalume ako zisalowe mmunda

14:12 Aliness: bambo ine si mwana. boneti ija munaisunga chifukwa ikanapita achimwene akanasiya kulemba. ndi choncho eti

14:13 Aliness: mungowauza. mawu awiri okha, ndakusowa mwanawe

14:35 Bambo: 🎤 0:57
Iwe Aliness, zimenezo uziwauza amuna ako. Ine ndinamuuza za amalume ako, anayankha? Ndinamuuza za denga, za bondo, anayankha? Maliro a mayi ake anaonera pa foni ngati mpira. Koma ndikati bawuti, asanameze n'komwe malovu wayankha. Ndiye ine ndizilankhula chiyankhulo chiti? Kona inali yopotoka. Ndanena, ndabwereza. Usandifunsenso.

14:37 Aliness: chabwino inali yopotoka

14:38 Aliness: ili kuti pano

14:50 Bambo: 📷 chithunzi

14:51 Bambo: neti ndinabwezera. ndavundikira anapiye. kabawi akungozungulira mmwamba, sakupeza polowera

14:52 Aliness: mpaka ka rabara munabwezera

14:58 Bambo: ntchito ndi ntchito

23 Feb

19:04 Aliness: ndalankhula nawo achimwene

19:11 Bambo: wawauza chiyani

19:12 Aliness: zomwe ndinaona. kuti pa chulu paja udzu unatha pamene mumakhala

19:13 Bambo: ndani anakutuma

19:14 Bambo: anati chiyani

19:20 Aliness: anangoti akuchedwa kuntchito

19:33 Bambo: waona

Gulu: kwathu ku Michesi

2 Mar

16:06 Bambo: anapiye akula. atuluka mu boneti

11 Mar

16:12 Bambo: amalume anu adula mtengo wa mango wa kuseri. akuti unali wa mbumba

16:58 Bambo: unali wa nickson umenewo. anadzala yekha

19 Mar

16:10 Bambo: kumeneko chipale chatha

16:47 Bambo: uthengawu wafufutidwa

24 Mar

16:03 Bambo: nickson. pa chithunzi cha boneti yogula ija ndaonapo mpando wa chinjinga chako. wang'ambika kumbuyo, siponji ikuoneka. madzi akalowa iola

16:05 Bambo: chikopa chabwino chilipo pano, cha mpando wa minibasi

16:06 Bambo: ngati ukufuna

16:09 Bambo: ngati sukufuna usiye

25 Mar

16:00 Bambo: .

16:01 Bambo: ndimayesa netiweki

2 Apr

16:38 Nickson: 📷 chithunzi

16:38 Nickson: mpando. mbali ya kumbuyo

16:39 Nickson: chipale chikusungunuka bambo, njinga ndiisunga mpaka November. palibe changu

16:39 Aliness: 🙏

16:57 Bambo: ndaona

17:04 Bambo: wavala magolovesi. vula ujambulenso